Wozimitsa nyali ayambe wafunsa mwini gule

Chaka chilichonse, kukatsala masiku owerengeka kuti nyengo ya Lenti iyambe, mzinda wa Rio de Janeiro m'dziko la Brazil sulawa tulo. Imeneyi ndi nthawi ya chikondwerero cha Carnaval, pamene magulu ovina otchedwa sukulu za samba amapikisana podutsa limodzilimodzi m'bwalo la Sambódromo. Bwaloli ndi msewu wotalika mamita 700 wokhala ndi mipando yosanjikizana mbali zonse ziwiri, ndipo mumalowa anthu oposa 70,000. Kuyambira pomwe linatsegulidwa m'chaka cha 1984, kwa zaka zambiri linkawunikiridwa ndi magetsi oyera okhaokha ngati a pabwalo la mpira, owala chimodzimodzi kwa gulu loyamba ndi lotsiriza lomwe. Kenaka akuluakulu a mzindawu anaikamo magetsi atsopano mazanamazana oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo m'chaka cha 2024 gulu lililonse linaloledwa kukonza lokha mmene bwalo liziwalira pa nthawi yake yovina. Gulu likhoza kufiiritsa bwalo lonse, kuphethiritsa magetsi motsatira ng'oma, ngakhale kuwazimitsiratu.

Anthu ambiri anaombera m'manja. Ena, makamaka ojambula zithunzi ndi okonda samba achikulire, anadandaula kuti bwalo lasanduka malo a disiko. M'nkhani ino ndikufuna kuikapo maganizo anga pa mkangano umenewu. Ine ndikuona kuti kupatsa magulu mphamvu yolamula magetsi kunali koyenera. Komabe ndikuti katswiri aliyense wonena kuti kawunikidwe kake kakuchokera m'chikhalidwe ndi nyimbo za ku Brazil ayenera kuyankha funso limodzi asanakhudze batani lililonse: kodi ndani ayenera kuoneka pano, nanga ndikazimitsa ndibisa yani?

Mwina wina afunsa kuti ophunzira chiyankhulo zikutikhudza bwanji za mababu a kutsidya la nyanja. Yankho langa n'lakuti kuwunikira ndi njira imodzi yoyankhulira. Woyatsa nyali pabwalo amauza woonera kuti “yang'ana apa”, ndipo wozimitsa amati “izi zileke”. Tonse amene tinachitapo zisudzo tikudziwa kuti munthu amene waima poyera ndiye amene anthu amamumvera, ngakhale mnzake wa kumdima atayankhula zanzeru zotani.

Kuti funso langa limveke, tiyenera kudziwa kaye eni ake a gule ameneyu. Sukulu ya samba si sukulu yokhala ndi choko ndi bolodi ayi. Ndi bungwe la anthu a dera limodzi, kawirikawiri dera la anthu osauka: Mangueira ili paphiri lodzaza ndi tinyumba tothinana, Portela ndi ya ku Madureira ndi Oswaldo Cruz, Beija-Flor ndi ya ku Nilópolis, kunja kwa mzinda. Mawu akuti samba asatisokoneze, sakugwirizana ndi kusamba kwathu kuno. Akatswiri ambiri amati anachokera ku mawu a Chikimbundu cha ku Angola akuti semba. Dziko la Brazil linalandira akapolo ochokera ku Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse ku America, ndipo ndilo linali lotsiriza kumeneko kuthetsa ukapolo, pa 13 Meyi 1888. Ambiri anachokera ku Angola, Congo ndi kumadzulo kwa Africa, koma m'zaka za m'ma 1800 zombo zina zinkanyamula anthu pa madoko a Quelimane ndi chilumba cha Mozambique, anthu ogwidwa kumtunda kuno.

Zidzukulu za anthu amenewa ndizo zinayambitsa samba ya ku Rio, m'nyumba za amayi ochokera ku Bahia monga Tia Ciata, pafupi ndi bwalo la Praça Onze. Masiku amenewo apolisi ankatha kumanga munthu chifukwa chongopezeka ndi chida choyimbira samba, ponena kuti ndi wosagwira ntchito. Gulu la Deixa Falar linayamba mu 1928, mpikisano woyamba wa sukulu za samba unachitika pa Praça Onze mu 1932 ndipo Mangueira ndiyo inapambana. Patangopita zaka pafupifupi khumi, boma linagwetsa bwalolo pofuna kulambula msewu waukulu wa Avenida Presidente Vargas. Magulu anakhala akusamutsidwa msewu uno ndi uwo mpaka pamene Oscar Niemeyer anajambula mapulani a Sambódromo, m'nthawi ya bwanamkubwa Leonel Brizola ndi wachiwiri wake Darcy Ribeiro.

Ndafotokoza mbiriyi chifukwa imasintha tanthauzo la magetsi oyera aja. Kwa mlendo, kuwala kwa mbee kopanda mthunzi n'kosasangalatsa. Koma kwa anthu amene agogo awo ankavinira kuseri kwa nyumba poopa apolisi, kuima pakati pa mzinda, powala kotero kuti dziko lonse likuwaona pa kanema, ndi chinthu chimene anachimenyera nkhondo zaka zoposa 50. Mayi wogwira ntchito yochapa m'nyumba ya eni ake chaka chonse, amene abwana ake samuyang'ana n'kumaso komwe, usiku umodzi wokha amavala ngati mfumukazi ndipo anthu 70,000 amamuona. Amene akuzimitsa magetsi adziwe kuti akuzimitsa zimenezi.

Tsono sindikunena kuti magetsi akale analibe vuto. Gulu lililonse limabwera ndi nkhani yake, imene eni ake amati enredo, ndipo nyimbo, zovala ndi zimagalimoto zokongoletsedwa zonse zimafotokoza nkhani yomweyo. Nkhani ikhoza kukhala ya m'chombo cha akapolo, ya m'nkhalango, ya pansi pa nyanja kapena ya kumanda. Kufotokoza zonsezi pansi pa kuwala kumodzimodzi kuli ngati kuwerenga nthano yonse ndi liwu limodzi, osakweza osatsitsa. Komanso oyimba ng'oma a gulu limodzi, amene amakwana 250 kapena kuposerapo, ali ndi luso lina lotchedwa paradinha: onse amaleka kuyimba mwadzidzidzi, anthu n'kumangoyimba pakamwa, kenaka ng'oma zonse n'kubwerera pamodzi ngati chiphaliwali. Magetsi akazima pa kamphindi kameneko n'kuyakanso pamodzi ndi ng'oma yaikulu ya surdo, thupi limachita tsembwe. Ndinaonera zimenezi pa intaneti, pa kafoni kakang'ono, koma ndinadzidzimuka ndithu. Apa kuwala kwamvera nyimbo, ndipo palibe chodandaula.

Vuto limayamba pamene wolamula magetsi wakomedwa. Paja akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Pali zinthu zina zokhudza kuwala zimene sizisintha ngakhale kompyuta ikhale yamakono chotani. Nsalu imaoneka yobiriwira chifukwa imabweza kuwala kobiriwira n'kumeza kwina konse. Mukaiwunikira ndi getsi lofiira lokha, ilibe choti ibweze, choncho imaoneka yakuda. Mitundu ya Mangueira ndi wobiriwira ndi pinki. Mitunduyi ili pa mbendera imene mayi wotchedwa porta-bandeira amavina nayo, mbendera imene anthu a gululo amaipsompsona mwaulemu. Mukathira bwalo lonse kuwala kofiira, mwafafaniza theka la mbenderayo. Chimodzimodzinso nthenga, mikanda ndi tizitsulo tonyezimira timene osoka amalumikiza kamodzikamodzi kwa miyezi yambiri: zinasankhidwa kuti zioneke m'kuwala koyera. Ndipo pali mfundo ina imene imandikhudza kwambiri ine monga munthu wakuda. Khungu lakuda limabweza kuwala kochepa kusiyana ndi loyera, kotero bwalo likakhala la buluu wa mdima, nkhope zoyamba kusowa ndi za anthu akuda, eni ake a samba. Chimatsala n'chovala chokha chikuyenda, makamaka ngati achisokerera timababu tating'onoting'ono. Woonera amaona tinyali, munthu osamuona.

Pa mpikisano wa 2024 oweruza ankapereka malikisi pa mbali 9, ndipo zina mwa izo ndi zovala, zimagalimoto ndi kavinidwe ka wonyamula mbendera. Magulu amasiyana ndi kachigawo kakang'ono ka malikisi, choncho mdima ukhozanso kukhala chobisalira. Chovala chosokedwa mothamanga, galimoto yosamalizidwa utoto, zonsezi zimakoma mumdima wa mitundumitundu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gulu la ndalama zambiri likhoza kulemba katswiri wodula wa magetsi n'kuphimba zofooka zake, pamene gulu losauka limene ladalira manja a osoka ake silipindula kanthu.

Nanga mdima woyenera umaoneka bwanji? Sitifunika kutuluka m'dziko la Brazil kuti tiupeze. Kumpoto chakum'mawa kwa dzikoli, mumzinda wa Recife, Carnaval ili ndi magule akeake, ndipo mmodzi mwa iwo ndi maracatu, mdipiti wa mfumu ndi mfumukazi wotsagana ndi ng'oma zikuluzikulu, umene unachokera ku mwambo wa akapolo wolonga mafumu awo. Lolemba la Carnaval usiku, magulu a maracatu amasonkhana pa Pátio do Terço, kutsogolo kwa tchalitchi, pa mwambo wotchedwa Noite dos Tambores Silenciosos, kutanthauza usiku wa ng'oma zachete. Nthawi ikakwana 12 koloko usiku, magetsi a pamalopo amazimitsidwa ndipo ng'oma zonse zimaleka. Atsogoleri a chipembedzo cha makolo amayimba mapemphero okumbukira mizimu ya amene anafa mu ukapolo. Khamu limene mphindi zapitazo linali kuvina limangoti zii. Mapemphero akatha, ng'oma zimayambanso.

Kwa ine, ameneyu ndiye mphunzitsi wamkulu wa kawunikidwe m'dziko lonse la Brazil, ngakhale pamafunika chala chimodzi chokha chozimitsira. Mdima wa ku Recife subisa munthu wamoyo aliyense. Umabwera chifukwa amene akulemekezedwa pa nthawi imeneyo ndi anthu osaoneka, ndipo aliyense wopezekapo akudziwa chifukwa chake. Umabweranso kamodzi kokha. Kwa ife a zachiyankhulo, mdima uli ngati mpumiro m'chiganizo: ukaikidwa pamalo pake umapatsa mawu kulemera, koma ukaikidwa pakatha mawu atatu alionse, chiganizo sichiwerengeka.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu ndi Vimbuza pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, ndipo pa mndandanda womwewo, chaka chomwecho, panalinso samba de roda ya ku Bahia. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti pali zilombo zotuluka masana ndi zina zotuluka usiku, ndipo woyatsa tochi pamene eni dambwe sanalole ndiye wolakwa. Amene amagamula za kuwala ndi mdima ndi eni gule, osati wobwera ndi jenereta.

Mtundu wa kuwala nawonso uli ndi eni ake. Ku Parintins, tauni ya pachilumba cha mumtsinje wa Amazon, magulu awiri ovina gule wa ng'ombe yopanga amapikisana mausiku atatu kumapeto kwa mwezi wa Juni, m'bwalo la Bumbódromo lomwe linatsegulidwa mu 1988. Gulu la Garantido mtundu wake ndi wofiira, la Caprichoso ndi buluu. Nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri moti ngakhale kampani ya Coca-Cola, imene dziko lonse limaidziwa ndi mtundu wofiira, imasandutsa zikwangwani zake kukhala za buluu kumbali ya Caprichoso. Katswiri wa magetsi amene angathire kuwala kwa buluu pa ng'ombe ya Garantido chifukwa choti “zikuoneka bwino” sangatuluke bwino m'tauniyo. Yerekezani zimenezi ndi zomwe zimachitika m'mahotela ndi m'malo achisangalalo m'mayiko ena, kumene amapachika mababu obiriwira ndi achikasu, n'kuika nthenga ziwiri pakhoma, basi ati ndi usiku wa ku Brazil. Kumeneko atenga mitundu ya mbendera ya dziko, koma chikhalidwe sanachikhudze n'komwe.

Chitsanzo china chimene ndimachilemekeza ndi mwambo wotsegulira masewera a Olympics pa 5 Ogasiti 2016 m'bwalo la Maracanã. Otsogolera ake, Fernando Meirelles, Daniela Thomas ndi Andrucha Waddington, anali ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi anzawo a ku London mu 2012. Iwo ananyadira mawu a kwawo akuti gambiarra, amene amatanthauza kupanga chinthu ndi zimene wapeza pafupi. Chosangalatsa n'chakuti m'mabuku otanthauzira mawu a Chipwitikizi, gambiarra ndi mzere wa nyali za pamwamba pa siteji, kapena nthambo ya magetsi yolumikizidwa mongoyembekezera. M'malo momanga zinthu zodula, anagwiritsa ntchito zithunzi zowalitsidwa pansi pa bwalo, pansi pomwepo n'kumasanduka nyanja, nkhalango, minda ya nzimbe ndi madenga a mzinda. Gisele Bündchen atayenda kudutsa bwalo, Daniel Jobim akuyimba Garota de Ipanema, nyimbo ya agogo ake Tom Jobim, kumbuyo kwake kunkatsala mizere yokhotakhota yokumbutsa nyumba za Niemeyer. Moto wa Olympics nawo unali waung'ono dala, koma kumbuyo kwake kunali chosema chozungulira cha Anthony Howe, cha tizitsulo tonyezimira tobweza kuwala ngati dzuwa. Kamoto kochepa kanadzaza bwalo lonse.

Nzeru yomweyi imapezeka ngakhale mu nyali za m'nyumba. Fernando Prado wa ku kampani ya Lumini ya ku São Paulo anakonza nyali yolendewera yotchedwa Bossa. Ilibe nthenga, ilibe mitundu ya mbendera. Ili ndi chivundikiro chimene munthu amachikweza kapena kuchitsitsa ndi dzanja, kuwala n'kumalunjika patebulo kapena kufalikira m'chipinda mofewa. Dzina lake limandikumbutsa bossa nova, nyimbo imene João Gilberto anatchuka nayo kuyambira mu 1958 poyimba samba motsitsa mawu ndi gitala imodzi. Wokhala patebulo ndiye amagamula kuchuluka kwa kuwala.

Ndikudziwa kuti ena anditsutsa. Adzati chikhalidwe si chosungira m'kabati, ndipo chilichonse chatsopano ku Sambódromo chinayamba chanyozedwa. Akunena zoona. Joãosinho Trinta ankanenedwa kuti akuwononga samba ndi zimagalimoto zake zazitali ndi zovala zonyezimira, koma lero amatengedwa ngati katswiri wamkulu. Komatu taonani zimene munthu yemweyu anachita mu 1989 ndi gulu la Beija-Flor. Anakonza chifaniziro cha Khristu wovala ngati wopemphapempha. Khoti litaletsa kuti chionetsedwe chifukwa cha dandaulo la mpingo wa Katolika, iye anachikuta ndi pulasitiki wakuda n'kuchiyendetsa choncho, chitazunguliridwa ndi ovina ovala sanza. Chimene chinabisidwa chinali chifaniziro, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Anthu ovala sanza aja, oimira osauka a m'misewu ya Rio, ankaoneka bwinobwino. Trinta ankadziwa chobisa ndi choonetsa. Chatsopano sindikuchikana, chimene ndikukana ndi kuzimitsa chifukwa choti batani lilipo.

Chinanso chondilimbitsa mtima ndi zimene zinachitika m'chaka choyamba chomwe cha ufulu wa magetsiwu. Gulu limene linapambana mu 2024 ndi Unidos do Viradouro ya ku Niterói, motsogozedwa ndi mmisiri Tarcísio Zanon, ndi nkhani ya Dangbé, nsato yopatulika ya anthu a ku Benin imene chipembedzo chake chinawoloka nyanja n'kukafika ku Bahia. Gululi ndilo linali lotsiriza kuvina. Linalowa kudakali mdima, chinjoka chachikulu chikukwawa pansi kutsogolo kwake, ndipo linamaliza kunja kutayera. Amene anaonera amakumbukira njoka ija, inde, koma amakumbukiranso zovala ndi nkhope za anthu zikwizikwi zikutuluka pang'onopang'ono m'kuwala kwa mbandakucha, kumene palibe kompyuta imene inakulamula.

Choncho maganizo anga ndi awa. Mphamvu ya magetsi ikhalebe m'manja mwa magulu, koma pambali pa katswiri wa pa kompyuta pazikhala wina wa m'gululo, wodziwa nyimbo ndi anthu ake, amene ali ndi mphamvu yokana. Mdima uzibwera pamene nyimbo kapena nkhani yaupempha, ndipo uzichoka msanga. Pali zigawo zina zimene siziyenera kudutsa mumdima ngakhale pang'ono: wonyamula mbendera, akuluakulu oyambitsa gulu otchedwa velha guarda, ndi amayi achikulire otchedwa baianas. Amayi amenewa amavala masiketi otambalala olemera kwambiri n'kumazungulira nawo mtunda wonse wa mamita 700, pokumbukira Tia Ciata ndi anzake amene anasunga samba m'nyumba zawo. Ambiri ndi agogo, ena a zaka zoposa 70.

Mipando yotsika mtengo ku Sambódromo ili kumapeto kwenikweni kwa bwalo, kutali ndi zipinda za olemera. Kumeneko n'kumene kumakhala abale a ovina. Gulu limodzi limakhala ndi anthu pafupifupi 3,000 ndipo limadutsa m'nthawi yongopitirira pang'ono ola limodzi, choncho chigawo cha baianas chimakhala kutsogolo kwa mpando umodzi kwa mphindi zowerengeka zokha. Mdzukulu amene wakhala pamenepo kuyambira madzulo akufuna kuloza ndi chala kuti awo ndi agogo anga. Ngati mphindi zimenezo n'zomwe katswiri wasankha kuti bwalo likhale la buluu wa mdima, mwanayo adikira chaka chamawa, ndipo si agogo onse amene amadzavinanso chaka chamawa.